Chithunzi Chosanena Dzina Lake: Luso Lojambula Zachilengedwe Pafupi Kwambiri

Kwa ambiri a ife kuno ku Blantyre, chithunzi ndi umboni. Timajambulitsa pa ukwati, pa chinkhoswe, pa tsiku lolandira digiri ndiponso pofuna chiphaso, ndipo wojambula amene wadula mutu wa mkwati kapena wabweretsa nkhope yooneka mwa chimbuuzi amadziwa kuti ndalama zake salandira zonse. Nchifukwa chake anthu amasokonezeka akakumana ndi mtundu wina wa zithunzi umene ojambula ena achinyamata ayamba kuukonda. Chimakhala chithunzi chodzaza ndi mizere yokhotakhota, mawanga ofiira ndi otuwa, kapena kanthu kopiringizika kooneka ngati chitsulo, chopanda munthu, chopanda nyumba, chopanda ngakhale thambo losonyeza kuti kumwamba ndi uku. Funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi chimenechi nchiyani?" Wojambulayo akayankha kuti ndi khungwa la bulugamu wa m'mbali mwa msewu wa ku Chileka, nawonjeza kuti njirayi anaiphunzira poona ntchito za katswiri wa ku Germany amene anamwalira kalekale, pamabuka mafunso ena awiri. Ngati chithunzi sichikusonyeza chinthu momveka, kodi chikadali chithunzi? Nanga kutengera luso kwa katswiri kukusiyana pati ndi kuba nzeru za mwini wake?

Mafunso awiriwa ndi oyenera, ndipo kuti tiwafike bwino tiyambe ndi kumasula mawu amene ojambula amatchula pakati pawo.

Kujambula pafupi kwambiri

Ojambula amatcha ntchitoyi kuti macro, ndipo mawuwa ali ndi muyeso wake weniweni. M'kati mwa kamera ya masiku ano muli kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensa, kamene kanalowa m'malo mwa filimu ya kale. M'makamera akuluakulu, sensa imakhala ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, kukula kofanana ndi chithunzi chimodzi pa filimu ya mamilimita 35. Mukajambula phiri la Soche, phiri lonselo limachepetsedwa kuti likwane pa kamalo kameneka. Koma mukayandikira chinthu mpaka chithunzi chake pa sensa chikhale chachikulu mofanana ndi chinthucho, mwafika pa muyeso umene umalembedwa kuti 1:1, ndipo apa ndi pamene macro yeniyeni imayambira. Njere ya chimanga ya sentimita imodzi imatenganso sentimita imodzi pa sensa. Chithunzicho chikasindikizidwa pa pepala la masentimita 36 m'litali, njere ija imakula kakhumi, nikhala ngati chibakera cha munthu wamkulu, ndipo timizere ta pa khungu lake, timene mayi wosankha chimanga pa lichero sanationepo, timaonekera poyera.

Chilakolako choona tinthu ting'onoting'ono ndi chakale ngati kujambula komwe. Mu 1843, mayi wina wa ku England, Anna Atkins, anayamba kutulutsa buku la zithunzi za ndere za m'nyanja popanda kamera konse. Ankaika chomeracho pa pepala lopakidwa mankhwala, naliyanika pa dzuwa, ndipo pepalalo linkasanduka la buluu kusiya malo amene chomeracho chinaphimba. Bukuli limawerengedwa kuti ndi loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala. Mu 1885, mlimi wa ku Vermont ku America, Wilson Bentley, analumikiza kamera ku maikulosikopu najambula kachidutswa kamodzi ka chipale chofewa chimene chimagwa m'maiko ozizira, ndipo pa moyo wake anajambula tizidutswa topitirira 5,000. Awiri onsewa cholinga chawo chinali kusunga umboni wa chilengedwe. Kukongola kunabwera ngati mphatso ya pambali.

Masiku ano chipangizo sichilinso chopinga chachikulu. Pali malenzi opangidwira macro, amene ndi okwera mtengo, koma palinso timachubu toika pakati pa kamera ndi lenzi, ndipo ena amangotembenuza lenzi wamba kuti kutsogolo kukhale kumbuyo. Mafoni ambiri atsopano amatha kuona bwino chinthu chimene chili pa masentimita ochepa chabe.

Chifukwa chake mbali yochepa yokha ndiyo imaoneka bwino

Amene wayesapo kujambula nyerere ndi foni amadziwa vuto ili: mutu ukaoneka bwino, miyendo ya kumbuyo imasungunuka. Si kuti foniyo yawonongeka. Ikani chala chanu pafupi ndi mphuno ndi kuchiyang'anitsitsa, muona kuti khoma la kutsogolo lasanduka chimbuuzi, ndipo mukayang'ana khomalo chala chimazilala. Lenzi ilinso chimodzimodzi. Imatha kuonetsa bwino zinthu zokhazo zimene zili pa mtunda umodzi, ndi pang'ono chabe kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo mukamayandikira chinthu, kadera kooneka bwinoko kamanka nikachepa.

Chimene chimathandiza ndi kabowo kolowetsa kuwala kamene kali m'kati mwa lenzi, kamene kamagwira ntchito ngati mwana wa diso. Kukula kwake kumalembedwa ndi manambala monga f/2.8, f/8 ndi f/16, ndipo nambala ikamakula kabowoko kamachepa. Kabowo kakang'ono kamakulitsa dera looneka bwino, monga mmene munthu wovutika maso amatsinzinira pang'ono kuti awerenge chikwangwani cha patali. Komabe pa muyeso wa 1:1, ngakhale pa f/8, dera looneka bwino limangokhala pafupifupi milimita imodzi. Kuchepetsanso kabowoko kufika pa f/16 kumaonjezera deralo kawiri, koma kuwala kolowa kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho kamera iyenera kukhala chotsegula nthawi yotalikirapo, ndipo kamphepo kakang'ono kogwedeza tsamba kamaononga zonse. Ichi ndi chifukwa chake ojambula zoterezi amalawirira mamawa mphepo isanayambe, ndipo amakonda tsiku la mitambo kuposa dzuwa la masana limene limabweretsa mithunzi yakuda bii. Masiku a chiperoni, amene ojambula maukwati amadandaula nawo, kwa wojambula ndere za pa miyala ya ku Michiru ndi masiku a mwayi, chifukwa kuwala kumafika mofatsa mbali zonse ndipo chinyontho chimadzutsa mitundu. Pa ntchito imeneyi mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono nkudekha umasiya kukhala mwambi, umasanduka malangizo a ntchito.

Ndakhalitsa pa mfundoyi chifukwa kuperewera kumeneku kwa lenzi ndi kumene kunatsegula khomo la luso limene tikukamba. Popeza kamera singaonetse zonse, wojambula ayenera kusankha chimene chioneke ndi chimene chisungunuke, ndipo kusankhako ndi chiyambi cha kulankhula.

Tanthauzo la abstract

Zithunzi zosanena dzina lake zija ojambula amazitcha kuti abstract. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ndipo amanena za kuchotsa kapena kusolola chinthu pakati pa zinzake. Chithunzi cha mtundu umenewu chimachotsa zizindikiro zimene diso limadalira kuti litchule dzina la chinthu. Zizindikirozo ndi zitatu makamaka: kukula kwa chinthucho poyerekeza ndi zina, malo amene chili, ndi malire ake onse. Mukajambula dambo louma la mu Okutobala muli chiimire, nkuonetsa ng'ombe ndi mitengo patali, aliyense adziwa kuti ndi dambo. Mukagwada ndi kujambula ming'alu yokha ya dothi mpaka idzaze chithunzi chonse, woona sadziwanso ngati akuona dothi, khungu la ng'ona, mbiya yosweka kapena dziko lojambulidwa kuchokera m'ndege. Dzina likachoka, chimatsala ndi mzere, maonekedwe, kukhakhala kapena kusalala, kuwala ndi mdima, ndi mtundu.

Pano pali kusiyana kofunika ndi zojambula za penti. Wopenta angathe kulenga maonekedwe amene kulibe kwina kulikonse, koma kamera imafuna kuti china chake chenicheni chiime patsogolo pake. Choncho chithunzi cha abstract sichinama. Ndi umboni ndithu, koma wa mbali imene sitinazolowere kuifunsa. Mmodzi wa oyamba kuyesa izi mwadala anali Alfred Stieglitz wa ku New York, amene kuyambira mu 1922 analoza kamera yake kumwamba najambula mitambo, nthawi zambiri popanda nthaka kapena phiri, ndipo pambuyo pake anatcha zithunzizo Equivalents, kutanthauza kuti maonekedwe a mtambo angathe kufanana ndi mmene mtima wa munthu ukumvera.

Tisaganize kuti kaonedwe kotere ndi kachilendo kwa ife. Mayi wogula chitenje mu msika wa Limbe safunsa kuti mizere ndi timizunguliro ta pa nsaluyo tikuimira chiyani asanaweruze kuti ndi yokongola. Woluka lichero amasinthanitsa nsungwi zoyera ndi zoderako mpaka patuluke maonekedwe osangalatsa diso, ngakhale kuti sakujambula nyama kapena munthu. Ndipo ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pa miyala amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zojambula zofiira zakale kwambiri, zimene amati ndi za Akafula, zambiri ndi mizere, madontho ndi mizunguliro basi. Chimene chili chatsopano ndi kuona kamera, imene tinaiphunzira ngati chida cha umboni, ikuchita ntchito ya woluka.

Karl Blossfeldt ndi tizingwe ta dzungu

Katswiri amene dzina lake limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi Karl Blossfeldt, amene anabadwa mu 1865 m'dera la mapiri a Harz ku Germany namwalira mu 1932. Chodabwitsa pa mbiri yake nchakuti sankadziona ngati katswiri wa zithunzi. Ali mnyamata anaphunzira ntchito pa fakitale yosungunula ndi kuumba zitsulo zokongoletsera, ndipo m'zaka za m'ma 1890 anagwira ntchito ku Rome pansi pa mphunzitsi wake Moritz Meurer, amene ankasonkhanitsa zomera kuti ophunzira zosema ndi zomanga aziphunzirirapo maonekedwe. Kuyambira mu 1898 Blossfeldt anakhala mphunzitsi ku Berlin, ndipo anaphunzitsa kumeneko kwa zaka zopitirira 30. Vuto lake linali losavuta kumva: chomera chimafota, ndipo mbali zake zokongola kwambiri ndi zazing'ono moti kalasi yonse singazione pamodzi. Choncho anadzipangira kamera yotha kukulitsa chinthu mpaka ka 30, ndipo zithunzizo ankaonetsa ophunzira ake monga mmene mphunzitsi wina angapachikire mapu.

Njira yake sinasinthe kwa zaka zonsezo. Ankatola zomera wamba za m'mbali mwa njira, osati maluwa a m'minda ya anthu olemera. Ankadula kambali kamodzi, kaya mphukira, kaya tsinde, kaya chikho cha mbewu, nachotsa masamba osokoneza, nakaimika patsogolo pa pepala loyera, lotuwa kapena lakuda, nkujambula molunjika ndi kuwala kofatsa kwa masana. Panalibe dothi, panalibe thambo, panalibe chilichonse chonena kukula kwa chinthucho. Zotsatira zake zinali zozizwitsa. Mphukira za zomera za m'gulu la fern, zimene zimatuluka zitapindika kunsonga, zinaoneka ngati ndodo za mabishopu zosulidwa ndi chitsulo. Tsinde la chomera china cha mfundomfundo linaoneka ngati nsanja yomangidwa ndi amisiri. Mu 1926 zithunzizi zinaonetsedwa ku malo a zaluso a Karl Nierendorf ku Berlin, ndipo mu 1928 zinatuluka m'buku la zithunzi 120 lotchedwa Urformen der Kunst, kutanthauza maonekedwe oyambirira a luso. Blossfeldt anatchuka mwadzidzidzi ali ndi zaka 63, zaka zinayi zokha asanamwalire.

Pakati pa zithunzi zake pali china chimene chimandikhudza kwambiri, cha tizingwe timene dzungu limakolera nato pamene likuyanga. Palibe Mmalawi amene sanatione. Mayi akamasadzula nkhwani amatitaya pamodzi ndi ulusi wa m'mapesi, ndipo mwana amatisewera nato pa chala. Koma mutatenga kamodzi nkukayang'ana modekha, muona kuti kamayamba mowongoka, kenaka kamazungulira ngati sipuling'i, ndipo ngati kagwira phesi la chimanga, penapake pakati kamatembenuka nkuyamba kuzungulira mbali inayo. Kutembenukako kuli ndi chifukwa chake: popeza nsonga zonse ziwiri ndi zomangika, kachingweko sikangapotoke mbali imodzi yokha, choncho mizunguliro ya kumanja iyenera kulipidwa ndi ya kumanzere. Mphepo ikakoka dzungu, sipuling'iyo imatambasuka osaduka. Atakakulitsa ndi kukachotsa m'munda, Blossfeldt anaonetsa kachingweka ngati ntchito ya mmisiri wa zitsulo. Aliyense amene waima pafupi ndi owotcherera ku Ndirande nkuona mmene amapindira chitsulo kuti akongoletse geti kapena zotchingira mawindo adzazindikira mapindidwe omwewo. Imeneyi ndiyo inali mfundo ya Blossfeldt, kuti maonekedwe amene amisiri amanyadira anayamba kale m'zomera.

Ena anatenga njira zina

Pa nthawi yomweyo ku California kunali Edward Weston, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1886 mpaka 1958. Iye anajambula zigoba za nkhono za m'nyanja mu 1927, ndipo mu 1930 anajambula tsabola wamkulu wobiriwira, uja wosawawa, atamuika m'kati mwa fanelo ya chitini kuti kuwala kumuzungulire. Chithunzi chotchuka kwambiri pa zimenezo chimatchedwa Pepper No. 30, dzina losonyeza kuti panali kuyesa kambirimbiri. Anthu ambiri amaonamo msana wa munthu wamphamvu kapena anthu awiri okumbatirana. Pamene Blossfeldt ankaonetsa mafupa a chomera, kunena kwake kamangidwe kake, Weston ankaonetsa mnofu. Mu 1932 iye pamodzi ndi Ansel Adams, Imogen Cunningham ndi ena anayambitsa gulu lotchedwa f/64, dzina lochokera ku kabowo kakang'ono kwambiri ka lenzi, posonyeza kuti ankafuna zithunzi zooneka bwino paliponse, zosayerekeza penti.

Eliot Porter wa ku America, amene anaphunzira udokotala ku yunivesite ya Harvard nausiya chifukwa cha kamera, anabweretsa mitundu pa nthawi imene akatswiri ambiri ankati luso lenileni ndi la zithunzi zakuda ndi zoyera. Iye sankadula chomera. Ankajambula kachigawo ka nkhalango mmene kalili, masamba ogwa pa madzi, ndere pa mwala, ndipo chionetsero chake cha mu 1979 ku Metropolitan Museum of Art ku New York chinatchedwa Intimate Landscapes. Akatswiri atatuwa anayang'ana chilengedwe chimodzi, koma palibe angasokoneze ntchito ya mmodzi ndi ya mnzake.

Kutengera ndi kukopera

Tsopano tafika pa funso limene limabweretsa mkangano. Malamulo a umwini wa zaluso, kuphatikizapo lamulo la Malawi la mu 2016 limene linalowa m'malo mwa la mu 1989, amateteza zithunzi monga mmene amatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira nkhanizi. Mfundo yaikulu imene maiko ambiri amagwirizana ndi yakuti lamulo limateteza ntchito imene munthu wapanga, osati ganizo limene lili kumbuyo kwake. Palibe mwini wa ganizo lojambula tsabola pafupi, kapena loimika chomera patsogolo pa pepala loyera. Koma kutenga chithunzi cha mnzanu pa intaneti, kuchotsa dzina lake ndi kuchisindikiza pa kalendala yogulitsa ndi kuphwanya lamulo. Tingayerekeze ndi telala: aliyense ali ndi ufulu wophunzira kusoka kolala poona malaya a mmisiri wina, koma sangatenge malaya a mmisiriyo nkusokererapo dzina lake.

Pakati pa ziwirizi pali dera lovuta. Mu 2012 khothi lina ku London linaweruza mlandu wa makampani awiri, Temple Island Collections ndi New English Teas. Yoyamba inali ndi chithunzi chakuda ndi choyera cha nyumba ya malamulo ya ku Britain, pamene basi yofiira yokha ndiyo inasiyidwa ndi mtundu wake ikuwoloka mlatho wa Westminster. Kampani yachiwiri sinakope chithunzicho ndi makina, koma inapanga chake chofanana nacho m'kakonzedwe, ndipo woweruza anapeza kuti inaphwanya umwini. Ena anayamikira chigamulochi kuti chinateteza luso la kusankha ndi kukonza. Ena anachidandaula kuti chinayandikira kwambiri kupatsa munthu umwini wa ganizo. Chigamulo cha ku Britain sichimanga makhothi a kuno, koma chimaonetsa kuti malire ake si mzere woongoka.

Pa za Blossfeldt, lamulo silikuvutanso, pakuti anamwalira mu 1932 ndipo nthawi yotetezedwa kwa ntchito zake inatha. Chotsala ndi funso la luso, ndipo pamenepa ndinene maganizo anga. Wophunzira aliyense amayamba ndi kutsanzira, ndipo palibe cholakwa kutenga mphukira ndi pepala lotuwa nkuyesa kubwereza zimene Blossfeldt anachita, malinga munthu anene poyera kuti akuphunzira kwa yani. Poyesa kubwerezako ndi pamene dzanja limadziwa chifukwa chake kuwala kochokera pa windo la pambali kumadzutsa mitsempha ya tsamba pamene fulashi ya kutsogolo imaifafaniza. Koma chimene chili ndi phindu lokhalitsa si maonekedwe a chithunzi chake, ndi funso limene iye ankafunsa chomera chilichonse, lakuti chinamangidwa bwanji. Funso limenelo mukhoza kulifunsa chipatso cha mlombwa, chimene chili ndi minga pakati ndi phiko lozungulira ngati mbale. Mukhoza kulifunsa ngayaye za chimanga, chigoba cha malambe, tsamba la nthochi limene mphepo yaling'amba motsata mitsempha yake, kapena maluwa a jakaranda amene amagwa m'misewu ya mu mzinda muno mvula ikayandikira. Mayankho ake sadzafanana ndi a ku Berlin, chifukwa zomera ndi zina, kuwala ndi kwina, ndipo wojambulayo amadziwa zinthu zimenezi kuchokera m'munda ndi m'khitchini, osati m'buku lokha.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi la dzina. Ojambula ena amalemba pansi pa chithunzi kuti ndi khungwa la mtengo wakuti, pofuna kuti woona adabwe kawiri, poyamba ndi maonekedwe, kenaka pozindikira kuti ndi chinthu chimene amadutsa tsiku ndi tsiku. Blossfeldt ankalemba dzina la Chilatini la chomera ndi kuchuluka kwa kukulitsa kwake. Ena amakana kulemba kalikonse, ponena kuti dzina limatseka maso, pakuti munthu akangomva kuti ndi khungwa amasiya kuyang'ana. Mbali zonse ziwiri zili ndi akatswiri ake.

Lachiwiri ndi la kompyuta. Kuti athane ndi vuto la milimita imodzi lija, ojambula ambiri tsopano amajambula chinthu chimodzi kambirimbiri, akusuntha pang'onopang'ono malo ooneka bwino, kenaka pulogalamu imasoka zithunzizo kukhala chimodzi chooneka bwino kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Palibe chabodza chimene chaonjezedwa, komabe palibe lenzi imene inaona chithunzi chimenecho nthawi imodzi. Kupitirira apo pali kuonjezera mitundu, kufafaniza kachitsotso, ndipo kumapeto kwake kuli zithunzi zopangidwa ndi makina a AI, kunena kwake nzeru zopangidwa za kompyuta, popanda kamera. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anakana mphoto imene anapambana pa mpikisano wa Sony World Photography Awards, ponena kuti chithunzi chake chinali cha AI ndipo sichiyenera kupikisana ndi zithunzi za kamera. Pa zithunzi za abstract vutoli ndi lalikulu koposa, chifukwa woona alibe njira yodziwira ngati ming'alu imene akuona inalipodi pa dambo lina. Ngati mphamvu ya lusoli ili pa mfundo yakuti chinthucho ndi chenicheni, kodi woona adzakhulupirira chiyani, ndipo ndani adzamutsimikizira?

Lachitatu limatikhudza kwambiri ife a mu mzinda uno. Chithunzi cha pafupi chimachotsa malo, ndipo pochotsa malo chingathenso kubisa chilonda. Munthu angathe kujambula tsamba limodzi lokongola pa phiri la Ndirande, woona osadziwa kuti nkhalango imene inali pa phirilo inatha. Angathe kujambula utoto wonyezimira pamwamba pa madzi a mu Mudi, nkutuluka chithunzi chokoma chimene kwenikweni ndi mafuta ndi zonyansa. Titaona zimene namondwe Freddy anachita m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, ena amafunsa ngati wojambula zachilengedwe ali ndi ufulu wongoonetsa kukongola. Oyankha amaloza kwa Eliot Porter, amene zithunzi zake bungwe loteteza chilengedwe la ku America la Sierra Club linazisindikiza mu 1962 m'buku limene linathandiza kukopa anthu ambiri ku nkhani yoteteza chilengedwe, ndipo amati munthu sateteza chimene sanachiyang'anepo mwachikondi. Koma otsutsa nawonso ali ndi chitsanzo kwa Porter yemweyo: buku lake la zithunzi za chigwa cha Glen Canyon ku America linatuluka mu 1963, chaka chimene damu linayamba kumiza chigwacho m'madzi.

Palinso nkhani ya kudula. Blossfeldt ankathyola ndi kusadza zomera zake, zimene pa udzu wa m'mbali mwa njira sizivuta. Koma m'malo otetezedwa monga Michiru, kapena pa mbande za mkungudza wa ku Mulanje umene watsala pang'ono kutha m'phirimo, njira yake singatsatidwe popanda kuganiza kawiri, ndipo ojambula sagwirizana ngati kuika kachirombo m'botolo kuti kadekhe, kapena kuwaza madzi pa duwa kuti aoneke ngati mame, ndi luso kapena ndi chinyengo.

Chomaliza ndi funso la amene timawatcha akatswiri. Mayina onse amene ndatchula ndi a ku Ulaya ndi ku America, chifukwa kumeneko ndi kumene kunali makamera, osindikiza mabuku ndi nyumba zosungira zithunzi pa nthawi imene mbiriyi inkalembedwa. Ena amati wojambula wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni aphunzire kwa amenewa mosachita manyazi, popeza luso lilibe malire a dziko. Ena amati akayamba ndi Berlin adzaona mlombwa ndi maso obwereka, ndipo kuti aphunzitsi ake oyamba akhale woluka mphasa, woumba mbiya amene amalemba mizere pa khosi pake, ndi amene anajambula pa miyala ya ku Chongoni. Ndipo m'dziko limene kamera imadyetsa banja kudzera m'maukwati ndi ziphaso, sizinadziwikebe kuti ndani adzagula chithunzi cha kachingwe ka dzungu, ndi khoma liti limene adzachipachikapo.